Amuna anga anadwala sitiroko, ine ndatopa: kodi ndikachoka ndachimwa?

Kalata iyi yabwera pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25. Ndaifupikitsa, ndipo ndachotsamo zonse zimene zikanachititsa kuti aneba awo awazindikire.

"Zikomo, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi zaka 36, ana atatu, wamkulu ndi mtsikana ali Fomu 2. Chinkhoswe chinachitika ndipo tinadalitsa ukwati ku Katolika. Amuna anga anali dalaivala pakampani ina. Zaka ziwiri zapitazo anagwa kubafa m'mawa, kuchipatala anati ndi sitiroko chifukwa cha BP. Mbali yakumanja inafa, mawu satuluka bwino. Ndimawasambitsa, kuwadyetsa, kuwanyamula popita kuchimbudzi, kenako n'kuthamangira kumsika kukagulitsa kaunjika. Akwawo anabwera mwezi woyamba wokha, pano amangoimba foni, ndipo alamu anga akuuza anthu kuti ndinawakhwimira achimwene awo kuti bizinesi iyende. Bambowa asintha, sachedwa kupsa mtima, tsiku lina anandigenda ndi kapu mwana wamng'ono akuona. Ali bwino anali ndi chibwenzi, ndipo ndinkadziwa. Sindikubisirani, kumsika kuli bambo wina amene amandimvetsera ndikamalankhula, koma sitinachite kanthu. Nthawi zina usiku ndimalakalaka nditangodzuka zonse zitatha, kenako ndimadziona ngati mfiti. Kodi ndikachoka ndachimwa? Nanga ndikakhala, ndiye kuti moyo wanga wathera pomwepa?"

Amayi, ndiyambe ndi maganizo ausiku aja, chifukwa ndikudziwa kuti ndi amene akukudyani kuposa enawo. Si ufiti. Anthu ambiri odwazika matenda a mgonagona amawaganiza, kungoti sanena. Ndi kutopa kumene kukulankhula, ndipo munthu amene amadzuka mbandakucha kukatenthetsa madzi osambitsira wodwala sangakhale wofuna imfa yake.

Tsono mwandifunsa funso limodzi, koma ine ndikuonamo awiri omwe akolana. Loyamba ndi la ukwati: kodi mukufunabe kukhala mkazi wa bambowa? Lachiwiri ndi la kudwazika: kodi ndani ayenera kuwasamala? Kwa zaka ziwiri aliyense, kuyambira apongozi mpaka anzanu a kumphakati, wakhala akuchita ngati mafunso awiriwa ndi limodzi, kuti popeza ndinu mkazi wawo ndiye kuti chidebe, thaulo, mankhwala, lendi ndi fizi zonse ndi zanu. Pitani ku Kamuzu Central mukaone. Anamwino, anthu oti anaphunzira ntchitoyo ndipo amalipidwa, amasinthana, wausiku akaweruka amakagona. Magadiyani nawo amalandizana, wina akamaphika kukhitchini kuja wina ali pambali pa bedi. Inu mwagwira usana ndi usiku womwe zaka ziwiri popanda wokulandirani. Munthu wotopa chonchi sangadziwe ngati chikondi chatha kapena changophimbika ndi ntchito. N'chifukwa chake yankho langa loyamba ndi lakuti musagamule nkhani ya ukwati lero. Yambani mwatula katundu amene si wanu nokha, muone chimene chitsale mumtima.

Itanani ankhoswe, a mbali zonse ziwiri. Ankhoswe si odzangodya nkhuku pachinkhoswe, ntchito yawo yeniyeni ndi ino. Koma samalani kapitidwe kake. Mukangoti "ndatopa", akuyankhani ndi mawu amene tonse timawadziwa, akuti banja ndi kupirira, kenako apemphera, amwa tiyi, n'kukwera minibasi. Pitani ndi zopempha zowerengeka zoti munthu ayankhe kuti inde kapena ayi. Kuchokere munthu mmodzi wamwamuna kwawo, mphwawo kapena muphwa, adzakhale pakhomo miyezi itatu, akachoka kubwere wina. Ndikuti wamwamuna chifukwa kunyamula bambo wamkulu kumathyola msana, komanso abambo ambiri amamasuka kuthandizidwa kuchimbudzi ndi mwamuna mnzawo. Amene sangabwere azitumiza ndalama yodziwika mwezi ndi mwezi pa Airtel Money kapena Mpamba, osati "tikapeza tidzaona". Loweruka kapena Lamulungu likhale lanu, muchoke pakhomo osafunsidwa kumene mukupita. Ndipo ngati kumudzi kuli anthu oti angawasunge mwezi umodzi pachaka, nthawi yokolola ikatha, apite akapumeko mpweya wina, nanunso mupume. Zimene mwagwirizana zilembedwe papepala, ankhoswe asainire. Ena aona ngati mwano, koma pakatha miyezi iwiri mudzayamika pepalalo.

Nkhani ya kukhwima ikambidwe pamsonkhano womwewo, pamaso pa onse. Tengani buku lawo lakuchipatala muliike patebulo. Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, ndipo chimene chimaiyambitsa kwambiri ndi BP yokwera, yomwe imatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu osamva kupweteka paliponse. Ntchito ya udalaivala, kukhala pansi tsiku lonse, kudya tchipisi ndi kanyenya wa mchere wambiri m'njira, osayezetsa, zonsezi sizifuna mfiti. Alamu anuwo muwapemphe aperekeze odwala ku kiliniki tsiku lina akafunse okha dokotala, ndipo akayezetse BP yawo, poti matendawa amayendanso m'magazi a pamtundu. Dziwaninso kuti dziko lino lili ndi lamulo la ufiti la 1911, lomwe limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Sindikuti mukawamangitse alamu anu, ayi, koma nkhoswe yanu itangotchula zimenezi modekha pakamwa pena patsekeka. Ndaonanso kuti kawirikawiri amene amafuula kwambiri za kukhwima ndi amene sanachapepo nsalu ya wodwala ngakhale imodzi. Mlandu akaukankhira kwa mkazi, iwo manyazi awachoka.

Tibwere kwa bambowo. Mwati mbali yakumanja ndi imene inafa ndipo mawu akuvuta. Izi zimayendera limodzi, chifukwa mbali yakumanzere ya ubongo ndi imene imayendetsa dzanja ndi mwendo wakumanja, ndipo mwa anthu ambiri ndi komwenso kumachokera kulankhula. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti kutaya mawu si kutaya nzeru. Ambiri otere amadziwa chimene akufuna kunena, mawu ndi amene sabwera, kapena kumatuluka ena osiyana ndi amene amafuna. Taganizani bambo woti ankayendetsa galimoto mpaka ku Mzuzu n'kubwerako, lero akufuna kunena kuti phala latentha koma lilime likukana, anthu akukambirana za iye pamutu pake ngati kulibe. Kapu ija mwina inachokera pamenepo. Komanso sitiroko yeniyeniyo imatha kusintha khalidwe, munthu n'kumapsa mtima msanga, kulira kapena kuseka popanda chifukwa. Ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene adwala sitiroko amagwidwa ndi matenda okhumudwa, omwe mwa abambo amaonekera kwambiri ngati ukali osati misozi. Amenewa ndi matenda, ali ndi mankhwala ndi uphungu wake. Mukapita kukatenga mankhwala a BP muwauze adokotala mosabisa kuti kunyumba kukugendedwa makapu. Ku chipatala cha Bwaila kuli gawo loona za matenda a maganizo, ndipo a St John of God nawo ali muno mu Lilongwe. Aphungu akumeneko angakuthandizeni inunso panokha, osati odwala okha.

Kufotokoza chifukwa si kulungamitsa. Kapu ndi kapu, ikaphonya inu ikhoza kumenya mwana. Muwauze bambowo maso ndi maso, pa nthawi imene mtima wawo uli pansi, kuti akadzagendanso mutuluka m'chipindamo ndipo mubwerera akakhazikika. Muzichitadi. Mbale ndi makapu awo zikhale zapulasitiki.

Kalata yanu yandiuza zambiri zimene mumawachitira, koma sinandiuze zimene amadzichitira okha. Apa pali msampha umene achikondi ambiri amagweramo. Chifukwa chofulumira kumsika, n'kosavuta kuwadyetsa kusiyana n'kudikira kuti adye okha ndi dzanja lamanzere, n'kosavuta kuwaveka kusiyana n'kuwasiya alimbane ndi malaya mphindi makumi awiri. Koma chilichonse chimene mukuwachitira chomwe akanatha okha chikuwonjezera ntchito yanu ya mawa, n'kuwachotsera ulemu umene watsala. Zoona, kuchira kwakukulu kumachitika miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo pa zaka ziwiri dzanja lija mwina silidzabwereranso mwakale. Koma kuphunzira njira zatsopano sikutha. Bwererani ku mafizo ku Central, ndipo musakapemphe kuti "ayambenso kuyenda" basi. Mukanene zenizeni: ndikufuna azitha kuchoka pabedi kukhala pampando okha, azitha kudzithandiza popanda kunyamulidwa, azidya okha. Akuphunzitseninso kanyamulidwe kosapweteka msana komanso kosakoka phewa la dzanja lakufalo, poti limaguluka msanga. Kalipentala aliyense wa m'dera lanu akhoza kukhoma mpando wolimba woboola pakati woika chidebe pansi, wowotcherera n'kuika chitsulo chogwirira kubafa. Za wilutcheya ndi ndodo zoyendera funsani mabungwe othandiza anthu olumala, a MAP, omwe amayendetsanso chipatala cha Kachere ku Blantyre, kapena a MACODA, amene ambiri timawadziwabe ndi dzina lakale la MACOHA. Ngati amakhalitsa pabedi, azitembenuzidwa pakatha maola awiri alionse kuopa zilonda za m'matako ndi m'chiuno. Mankhwala a BP asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ngakhale wina atawapempherera n'kunena kuti achira, chifukwa sitiroko imabwereza.

Za ndalama ndingotchula ziwiri. Ngati kampani ija inkawadula penshoni, malamulo amalola kuti munthu amene madokotala atsimikiza kuti sangagwirenso ntchito alandire ndalama zake asanafike zaka zopumira. Ngati simunalondole, kafunseni ku kampaniko dzina la bungwe limene limasunga penshoniyo, mutenge kalata ya dokotala. Chachiwiri, mapepala onse a puloti, a kubanki ndi mtchatho wa ukwati asungidwe pamalo amene mukudziwa inu. Pakhomo pakakhala matenda aakulu, achibale ena amayamba kuwerenga malata mwini wake ali moyo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, koma ndi bwino kutseka khomo mbava isanalowe.

Tsopano chibwenzi chija. Anthu angakuuzeni kuti muiwale, munthu akudwala. Ine sindikuuzani choncho. Matenda safufuta zimene zinachitika, ndipo n'zowawa kuchapa zoipa za munthu amene ali ndi mphamvu ankapita nazo kwina. Ndikhulupirira funso limakufikirani lakuti, ndikanadwala ndine, akanakhala? Tisanamizane, tonse timaona m'mawodi kuti odikirira odwala ambiri ndi amayi, ndipo mkazi akafa ziwalo nthawi zambiri amatumizidwa kwa amayi ake "kuti akamusamale bwino", pasanathe chaka pakhomo pali wina. Bambo wotero palibe amamutcha mfiti. Mpingo umangoti anafooka. Abambo amene mukuwerenga, imeneyi ndi yanu, ndipo ngati mkazi wanu ali kumudzi panopa chifukwa cha matenda, dzifunseni kuti munamuonako liti. Koma amayi, inu musamange chigamulo chanu pa zimene bambowo akanachita. Chimene ndingakulangizeni n'chakuti bala limenelo mulitchule kwa eni ake. Amamva. Auzeni kuti munkadziwa, ndipo kuti zimakupwetekani mukamawasambitsa. Mwina alira, mwina ayang'ana kukhoma. Koma mudzakhala mwalankhula ndi mwamuna wanu, osati ndi wodwala wanu, ndipo ndikukayika ngati zimenezi zachitikapo chigwereni kubafa kuja. Muwafunsenso chimene iwo akufuna. Funsani mafunso oyankha ndi mutu kapena kuloza ngati mawu akuvuta. Kodi akufuna kupita kwawo kanthawi? Akufuna anzawo akuntchito azibwera kudzasewera nawo bawo? Ali ndi mantha kuti muwathawa? Ndikhulupirira mantha amenewo ali nawo, ndipo mbali ina ya ukali ikuchokera pomwepo.

Nkhani za kuchipinda simunazitchule, koma zili m'kalatamo ndithu. Sitiroko siithetsa zimenezo kwa aliyense, ndipo madokotala saziletsa ngati BP yakhazikika. Chimene chimapha chilakolako kwambiri ndi chakuti munthu mmodzi yemweyo ndiye namwino masana, usiku n'kuyembekezeka kukhala mkazi. Ichi n'chifukwa chinanso chofunira kuti ntchito ya kuchimbudzi ndi kubafa ipite kwa wina.

Za bambo akumsika ndilankhula mosapsatira. Kufuna munthu wokumvetserani si tchimo, ndi njala, ndipo njalayo ndi yoona. Koma bambowo amakuonani mutasamba, mutadzola, muli pabenchi la kaunjika. Sanakuoneni 3 koloko usiku mukusintha zofunda, ndipo sanalipirepo fizi ya mwana wa mwini. Kumvetsera n'kotchipa. Ngati mudzachoke m'banjali, muchoke chifukwa banjalo latha, osati chifukwa kwina kwawala. Komanso tsiku limene nkhaniyi idzapitirire pa kucheza, alamu anu adzapeza umboni umene akhala akuufuna, ankhoswe anu adzasowa pogwira, ndipo ana adzakula akumva kuti mayi anathawa bambo wolumala chifukwa cha mwamuna. Msika wa Lilongwe susunga chinsinsi. Pezani khutu lina, mayi mnzanu wokhwima maganizo, mlangizi kapena phungu, ndipo bambowo muwachepetsere macheza mpaka nkhani yapakhomo itaoneka mutu wake.

Kodi mukachoka mwachimwa? Ine si wansembe, ndipo funso limenelo mukalifunsenso kwa bambo mfumo anu, nokha, osati pagulu la kumphakati. Munalonjezadi paguwa kukhala limodzi pamtendere ndi pamavuto, ndipo lonjezo limenelo ine sindilipeputsa. Matenda paokha, kwa ine, si chifukwa chokwanira chosiyira munthu. Thupi limene lafa mbali imodzi lero ndi lomwe lija munalikonda, ndipo mawa zikhoza kugwera wina aliyense wa ife panjira ya ku Kanengo. Koma dziwani kuti ngakhale mpingo wa Katolika, umene suthetsa ukwati wodalitsidwa, malamulo ake amalola okwatirana kukhala kosiyana ngati mmodzi akuika moyo wa mnzake kapena wa ana pachiswe. Choncho nkhanza zikakula, kugenda kukasanduka kwa tsiku ndi tsiku, ana akayamba kuchita mantha kulowa m'nyumba, musadikire msonkhano wa wina aliyense. Tengani ana mupite kwa abale anu, muimbire akuchimuna abwere adzatenge udindo tsiku lomwelo. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 silinapatule nyumba zimene muli odwala, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya Victim Support Unit.

Kumbali ya boma, lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kutchalitchi, wa chinkhoswe, wa kwa DC, ngakhalenso wongolowana mwakhalitsa, ndipo khoti limathetsa banja likakhutira kuti lasokonekera moti silingakonzekenso. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene munali naye limodzi. Koma musaganize kuti khoti lidzangoyang'ana inu. Lidzaonanso za ana, ndiponso kuti bambo amene sangathe kudzipezera chakudya atsala bwanji. Amene alibe ndalama ya loya amapita ku Legal Aid Bureau, ndipo kukafunsa sikutanthauza kuti mwasudzula kale.

Pali kuchoka, pali kutaya. Kutaya ndi kunyamula zikwama mbandakucha, munthu n'kutsala pabedi wopanda wompatsa madzi, aneba n'kudzamupeza madzulo. Chimenecho ndiye ndingachitche tchimo, kaya wachita ndi mkazi kaya mwamuna. Kuchoka kwa munthu wamkulu kumachitika dzuwa likuswa mtengo: ankhoswe akudziwa, wolandira wodwala wadziwika ndi dzina, waphunzitsidwa mankhwala ndi kanyamulidwe, gawo la katundu la bambowo likupita kowasamalira osati m'matumba mwa achibale, ana akupita kukaona bambo awo, ndipo mwini wake wauzidwa ndi pakamwa panu, osati kumvera kwa alongo ake. Alipo amayi amene anasiya kukhala akazi a munthu koma sanasiye kumutumizira ufa ndi mankhwala. Aliponso amene anakhala, koma ndi mtima wowawa moti wodwalayo ankadya nsima yotsagana ndi mawu olasa tsiku lililonse. Pa awiriwa sindinganene kuti wachiwiriyo ndiye wasunga lonjezo.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Dzipatseni miyezi isanu ndi umodzi, koma osati yopirira momwe mwakhala mukupiriramu. Ikhale miyezi imene pakhomo pali wokuthandizani, bambowo aonedwa za ukali wawo, mafizo ayambiranso, inu mukugona tulo tokwanira ndipo muli ndi tsiku lanu. Ikatha mudzadzifunsenso. Mwina mudzapeza kuti munthu amene munamukonda akadalipo, wosintha koma alipo, ndipo banja la mtundu wina likhoza kumangika. Mwina mudzapeza kuti linatha kale sitiroko isanabwere, matendawa anangokutsekerani pakhomo. Zonse ziwiri zimachitika. Akuchimuna akakana kuthandiza n'komwe, ankhoswe alembenso zimenezo, chifukwa tsiku lina adzafuna kunena kuti munathawa osawauza.

Chinthu chimodzi chokha musalole pamsonkhanopo, ngakhale atachinena mokoma bwanji. Wina adzati, "Nanga mtsikana wamkuluyu sangamathandize mayi ake?" Kutunga madzi ndi kuphika, inde, monga mwana aliyense. Koma kusambitsa bambo ake, kujomba kusukulu kuti inu mupite kumsika, kapena kugona m'chipinda cha odwala kuti azimva akaitana, ayi. Mwana wa Fomu 2 ali ndi mayeso a JCE kutsogoloku, ndipo akangoyamba kujomba masiku awiri pasabata, chaka chamawa adzakhala atasiyiratu. Muwauze kuti amene akufunika pakhomopo ndi munthu wamkulu wochokera kwawo, ndipo mutchule tsiku limene mukumuyembekezera kudepoti.